Olipa Auzira Mbaula ku Chipatala

Olipa ankakhala ku Chowa, pafupi ndi mgodi wa Kabwe.
Olipa sankaopa galu.
Sankaopa sitima.
Koma jekeseni, eee, ankamuopa kwambiri.

Akakana kusamba, amayi ankati, "Anesi akubaya jekeseni!"
Akamenya mlongo wake Kenani, amayi ankati, "Anesi akubaya jekeseni!"

Tsiku lina Olipa anaponda msomali wadzimbiri.
Sanauze munthu.
Phazi linatupa.

Atate anabwera kuchokera ku mgodi.
"Iwe Olipa, bwanji ukuyenda ngati bakha?" anafunsa atate.
Olipa anawaonetsa phazi.

Amayi anamubereka mpaka ku chipatala.
Kumeneko kunali anesi, a Felistas.
A Felistas anatsuka chilonda.
Kenaka anatenga jekeseni.

"Sindinalakwe!" analira Olipa. "Ndinasamba dzulo! Kenani sindinamumenye!"

A Felistas anaika jekeseni pa tebulo.
"Anakuuza ndani kuti jekeseni ndi wa ana olakwa?"
Olipa anayang'ana amayi.
Amayi anayang'ana pansi.

"Mwana wanga, jekeseni si chikwapu," anatero a Felistas. "Ndi mankhwala a phazi lako."
"Apweteka?" anafunsa Olipa.
"Pang'ono, ngati nyerere ikaluma. Sindikukunamiza. Kodi kwanu amauzira mbaula ndani?"
"Ndine," anatero Olipa.
"Basi, ntchito ukuidziwa."

Olipa anakhala pa miyendo ya amayi.
Amayi anamukumbatira.
A Felistas anati, "Dzanja la amayi ndi mbaula. Makala akuzima. Uzira!"

"Fuuu!" Olipa anauzira.
"Sanayake," anatero amayi.
"Fuuu!"
Nyerere ija inaluma pamkono.
"Mayo!"
"Uzirabe, mwanangu," anatero amayi.
"Fuuu! Fuuu!"

"Tatha," anatero a Felistas.
"Kale?"
"Kale. Makala ayaka."

Patapita masiku, phazi linapola.

M'mawa wina Kenani anakana kusamba.
"Madzi akuzizira!" anatero Kenani.
Amayi anati, "Iwe Kenani, anesi aku..."
Amayi anagwira pakamwa.

"Amayi, jekeseni si chikwapu," anatero Olipa.
Atate anaseka.
"Zoona, mwanangu," anatero amayi. "Ndasiya."

Olipa anagwira dzanja la Kenani.
"Bwera tiuzire mbaula. Madzi ako afunde."
"Fuuu!" anauzira Olipa.
"Fuuu!" anauzira Kenani.
Makala anayaka.
Madzi anafunda.
Kenani anasamba.