Chikho Chosadetsa Nsalu

Mzime anakulira m'nyumba yamtendere. Bambo ake anali telala, makina awo ankalira pakhonde kuyambira m'mawa. Mayi ake ndiwo ankasunga chikho chasiliva cha mgonero cha kumpingo kwawo, poti kabati ya kutchalitchi akuba anali ataithyolapo. Ankachikulunga m'nsalu n'kuchiika m'sutikesi kunsi kwa bedi. Mgonero ukayandikira, Loweruka ankachipukuta mpaka kansalu kopukutira kada bii, chikho n'kuwala. Akulu a mpingo sankafunsa n'komwe za chikhocho, ankawakhulupirira mayiwo, moti ngakhale makiyi a tchalitchi ankasunga iwo.

Mnyamatayo anayamba kubetcha mpira pafoni. Poyamba zinali zachibwana, kenaka chenji cha ulusi umene bambo ake ankamutuma chinayamba kubwera choperewera.

"Iwe, ulusi wakwera mtengo liti?" anafunsa bambo ake. "Zobetchazi uzisiye, zikulowetsa m'mavuto."

"Ndamva, ababa." Anavomera ndi pakamwa pokha.

Anali ndi mnzake amene anthu ankangomutchula kuti Dobadoba, chifukwa ntchito yake inali yolozera anthu kogulitsa katundu, iye n'kudyapo.

"Aise, ukulira umphawi chonsecho kwanu siliva akungogona?" anatero Dobadoba. "Tiye kwa a Sikelo kuseri kwa msika. Ugulitse lero, ukawina ukawombole. Adziwa ndani?"

Mzime anayamba ndi chibangili cha mayi ake. Shopu ya a Sikelo inali kachipinda kopapatiza, muli kabati yagalasi ndi tebulo lokhala ndi kasikelo, tupa ndi kabotolo ka asidi. Mkuluyo anakanda chibangilicho ndi tupa, anadonthezapo asidi, n'kupukusa mutu ngati wamva za maliro.

"Siliva ndi siliva ndithu, mphwanga, koma wada, watha. Ine ndimagula kulemera kwake, kukongola sindilipira."

Anamupatsa tindalama tochepa. Potuluka, Dobadoba anatsalira pang'ono kulandira zake. Dzuwa lisanalowe, ndalama ya chibangili inali itathera mufoni.

Sabata yotsatira Mzime anakoka sutikesi ija. Anatulutsamo chikho chija n'kupita nacho kwa a Sikelo. Chikho chitakhala pasikelo, anafunsa:

"Bwana, nanga amayi akachifuna?"

"Zazing'ono zimenezo." A Sikelo anasolola pansi pa tebulo chikho china chofanana nacho, chachitsulo wamba chongopaka zonyezimira. "Ukaike ichi. Mtengo wake ndidula pa ndalama yakoyi."

Anagula chenicheni motchipa, n'kugulitsa chabodza modula, kwa munthu mmodzi yemweyo, osadzuka pampando.

Ulendo umenewu Mzime anawinadi. Anathamangira kushopu ndalama ili m'manja, n'kupeza chikho chija chili m'kabati yagalasi, chopukutidwa, chikuwala kuposa kale. Atamva mtengo wake, anadandaula:

"Koma bwana, munandipatsa zochepa zija!"

A Sikelo anaseka. "Pogula ndimagula ndi sikelo, pogulitsa ndimagulitsa ndi maso. Chikho chakale chozokotedwa bwino chonchi anthu achuma amachilimbirana. Ukanabweretsa chophwanyika ndikanachisungunula, phindu likanakhalapobe. Kasakesake ndalama, mphwanga, koma ufulumire."

Mzime anabetchanso zonse kuti zikwane, ndipo zonse zinapita.

Loweruka loti mawa lake ndi mgonero, mayi ake anakhala pampando n'kuyamba kupukuta. Anapukuta, napukutanso, koma kansalu kanali koyera mbee. Anachinyamula chikhocho m'dzanja, kumva kupepuka kwake.

"Mzime, nsaluyi bwanji sikuda?"

"Kaya, amayi."

Mayiwo anachikulunga m'nsalu n'kuchibwezera m'sutikesi. M'mawa mwake anatenga chikhocho okha kupita nacho kwa akulu a mpingo, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Mzime anawatsatira n'kuima pakhomo.

"Mayi, chikho chimagona m'nyumba mwanu," anatero mkulu wa mpingo. "Chenicheni mwapita nacho kuti?"

Mayiwo ankadziwa wakuba, koma dzina la mwana wawo silinatuluke pakamwa.

"Zaka zonsezi timati tili ndi munthu. Bweretsani makiyi a tchalitchi."

Mayiwo anapisa m'chikwama, makiyi n'kugwera pansi. Mzime ataona mayi ake akuwerama kutola makiyi pamaso pa anthu ngati mbala, manyazi ndi chisoni zinamugwira. Analowa n'kugwada.

"Asiyeni amayi. Ndaba ndine. Ndinagulitsa kwa a Sikelo."

Lolemba anapita kushopu kuja, iye, bambo ake ndi mkulu wa mpingo. M'kabati munali mutakhala zina.

"Chinapita kalekale," anatero a Sikelo akupukuta kasikelo kawo. "Wogula sindimudziwa. Ndipo mnyamatayu anabwera ndi miyendo yake, ine sindinalowe m'nyumba ya munthu."

Mpingo unamukhululukira Mzime, koma chikho chinafunika kubweza. Makiyi anapatsidwa kwa mayi ena. Bambo ake anagulitsa makina osokera, ndipo amene anapeza wogula anali Dobadoba yemwe uja, n'kudyaponso. Lero telala uja amasokera m'shopu ya munthu wina, kulipidwa pa chovala chilichonse, Mzime akusita pambali pawo. Foni anaigulitsa. Mayi ake amamuyankhula bwinobwino, koma akamatuluka amakhoma kuchipinda kwawo.

Achinyamata, mverani. Amene akukuuzani kuti "gulitsa lero, udzawombola mawa" ali ndi gawo lake pa kugwa kwanu. Wogula katundu wakuba saluza. Amadya pogula, amadyanso pogulitsa. Oluza ndinu, pamodzi ndi makolo amene anakukhulupirirani. Kuba ndi tchimo, ngakhale utaba m'nyumba yakwanu, ndipo kulapa kumapulumutsa moyo koma sikubweza zimene unagulitsa.