Sensa Yomwe Inkadzuka Nthawi ya Tiyi

Mtembo anaupeza Lachiwiri, 6:40 m'mawa, pansi pa mlatho watsopano. Unali wa mayi amene ankayang'anira masensa, tizipangizo tomatidwa pazipilala tomwe timamva mlatho ukamanjenjemera kapena kung'aluka. Wapolisi wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Kadzidzi chifukwa cha maso ake, anapeza chisoti cha malemuyo pamwamba pa chipilala chachinayi.

Tsiku lomwelo anatsekera dalaivala wa lole amene anakanganapo ndi mayiyo. Anagwira pachabe. Munthuyo anali kugalaja tsiku lonse la Lolemba, ndipo Kadzidzi anapepesa akuyang'ana pansi.

Lachinayi anapita ku ofesi ya akatswiri a mlathowo. Mlembi anamuonetsa pakompyuta mizere yokwera ndi kutsika.

"Lole ikamadutsa, masensa onse amavina," anatero mlembiyo. "Koma nambala 4 ndi yaulesi. Imadzuka 10 koloko basi, nthawi ya tiyi."

"Mlatho umamwa tiyi?"

Mlembiyo anaseka yekha. Kadzidzi ankadziwa munthu amene amasunga shuga mudirowa ya desiki: injiniya wamkulu, mkulu wake bere limodzi, amene anamulera bambo awo atamwalira. Kadzidzi atakoka dirowa ya mkulu wakeyo, mzere wa nambala 4 unadumpha pakompyuta. Sensayo inali momwemo, pambali pa shuga.

Pa 11:15, m'chipinda chofunsira mafunso, anaika sensayo patebulo.

"Achimwene, iyi imatani mudirowa yanu?"

Injiniyayo anavula magalasi. "Chipilalacho chang'aluka. Ndinaphonya masamu, mng'ono wanga, ine amene ndimaphunzitsa ena. Sensayo ndinaimatula kuti ikhale chete, ndipeze mpata wokonza anthu osadziwa."

"Papita miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

"Mabasi odzaza anthu akudutsa pomwepo?"

Mkuluyo anangopitiriza. "Mayi uja anakwera pachipilalacho Lolemba 4 koloko, n'kupeza guluu yekha. Anati akanena. Ndinkangofuna kumulanda foni." Anadziyang'ana m'manja. "Ndinamukankha."

Manyazi anamugwira Kadzidzi ngati wapha ndi iyeyo. Kwa zaka zitatu ankaimitsa galimoto pamlathopo n'kumauza aliyense, ngakhale wosafunsa, kuti unamangidwa ndi mkulu wake.

Anaimba foni kulamula kuti mlathowo utsekedwe, kenako anatulutsa unyolo.

"Amayi asamve kwa iwe," anatero mkuluyo, akupereka manja.

"Nanga amva kwa ndani, achimwene? Ana awo ndife awiri basi."