Mzere Wopanda Dzina m'Tebulo la Omwalira

Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo sindine munthu wothamangira zodabwitsa. Ndinabwera ku Nkhata Bay kuchokera ku Dedza ndili kalaliki wa boma, ndinapumira ntchito konkuno, ndipo mpingo unandipatsa makiyi a vesitire pamodzi ndi udindo wosunga mayina a akhristu. Zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa. Kumasulira kwake ndikusiyira Mwini wake wodziwa zobisika.

Inali nyengo ya mwera, mphepo yaukali ya panyanja. Mpingo unali utagula laputopu yatsopano, pakuti kompyuta yakale inali itayamba kuzima yokha. Mayina onse anayenera kusamuka. Ntchitoyi tinapatsa mayi Wezi, mkhristu wathu amene amasamala makompyuta pa ofesi ina ya boma. Kwawo ndi ku Rumphi, kuno anabwera ndi ukwati. Mwamuna wake Greyson, munthu wamtali, ndi wa zaumoyo, ndipo sabata imeneyo anali ku Usisya kopereka katemera. Ankayembekezeka kufika pa boti madzulo omwewo.

Wezi anabwera ku vesitire ataweruka, dzuwa likutsikira kuseri kwa mapiri.

"Ada, kusamutsa ndinamaliza dzulo," anatero, akunditcha ada monga amaitanira bambo kuno. "Lero kwatsala kuwerenga basi."

"Kuwerenga anthu?" ndinafunsa. Mtima wanga sunakondwe, pakuti Malemba amatiuza za mfumu imene inawerenga anthu ake, ndipo chotsatira chake chinali mliri.

Iye anaseka. "Mizere, ada, osati anthu. Musandiyambire ulaliki, lero si Sabata."

Anandifotokozera modekha. Chimene amachitcha detabesi chili ngati nyumba ya zipinda zambiri, ndipo chipinda chilichonse amachitcha tebulo. Tinali ndi tebulo la amoyo, la obatizidwa, la maukwati, la osamuka, la omwalira, ndiponso la manda onse amene akhristu athu amaikidwako. Munthu mmodzi, mzere umodzi. Matebulowo amagwirana manja, kotero kuti sungalembe ukwati wa munthu amene mulibe, ndipo sungalembe womwalira osatchula kumene anaikidwa. Wezi anali atalemba lamulo limodzi loti makinawo alowe m'tebulo lililonse, awerenge mizere, abwere ndi yankho. Mayankho a kompyuta yakale ndi a yatsopano akafanana, ndiye kuti palibe nkhosa yotayika panjira.

Anadina batani. Ziwerengero zinatsika pa galasi, iye n'kumaziyerekeza ndi zakale zimene anali atazijambula pa foni.

"Obatizidwa ali bwino. Maukwati ali bwino. Manda ali bwino." Anaima. "Amoyo akuperewera ndi mmodzi."

Anafufuza kanthawi, kenaka anandiitana. "Ada, Yakobe Mphande ndi ndani? Makina atsopano amukana. Amafuna munthu akhale wamoyo, wosamuka kapena womwalira. Koma uyu munamulemba kuti ali ku nyanja."

Ndinakhala pansi n'kumuuza. Yakobe anali msodzi wa ku Chikale. Anapalasa bwato lake tsiku lina, kalekale, ndipo bwato linabwera lokha. Thupi silinapezeke. Mwambo wa mpingo wathu, umene tinaupeza kwa otitsogolera, ndi wakuti munthu amene sitinamuthire dothi sitimulemba pakati pa akufa. Anthu a kuno anaphunzira zimenezi ndi machona, amuna amene ankapita ku Joni n'kukhala chete zaka makumi, kenaka n'kutulukira ndi sutikesi ataliridwa kale. Mkazi wa Yakobe nayenso sanavalepo zakuda.

"Ndiye ndimuike pati?" anafunsa Wezi.

"Musiyeni kaye. Tikafunsa seshoni, bwalo la akulu a mpingo."

"Seshoni ikumana mwezi wamawa, ada. Ine ndikufuna ndikalandire bambo a kunyumba pa doko ntchito itatha."

Nthawi yomweyo magetsi anazima, monga amachitira. Kompyuta yakale inafa pompo, laputopu yokha inatsala ikuwala ndi batire. Mphepo inayamba kumenyetsa mawindo a tchalitchi, ndipo ndinatuluka kukawatseka. Mawindowo ndi ambiri, ndipo miyendo yanga siyofulumira.

Pobwerera ndinapeza Wezi akumwetulira.

"Zatheka. Chiwerengero cha onse pamodzi chagwirizana."

"Mwachita bwanji?"

"Ndamuika kwa omwalira. N'zongoyembekezera, seshoni ikakana tidzasintha."

"Paja munati sungalembe womwalira osatchula manda."

"Eya, anandifunsa. Ine manda a kuno sindiwadziwa. Ndangosankha amene ndinafikako, a kwa apongozi anga, kumene tinaika agogo ake a Greyson."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimudzudzule. Mawu asanatuluke, tinamva munthu panja.

"Odi."

Liwu linali lotsika, losafulumira. Kunali kutangoda kumene, nthawi imene anthu amakhala akuchokera ku msika, choncho sindinadabwe. Ndinatsegula chitseko.

Munthuyo anaima patali pang'ono ndi khonde, pamene kuwala kwa laputopu sikunkafika. Nkhope sindinaione. Ndinaona mapazi opanda nsapato ndi buluku lopinda mpaka m'mawondo. Madzi ankadontha kuchokera m'zovala zake, dontho ndi dontho, ngakhale kuti mvula inali isanagwe kwa miyezi. Kunabwera fungo la ndere, la maukonde amene akhalitsa pansi pa madzi.

"Lowani, ada," ndinatero.

Sanalowe. Anayankhula Chitonga chakale, chimene achinyamata a masiku ano sachiyankhulanso. Ndikuchitembenuza monga ndinachimvera.

"Ada mlembi, ndani wandigoneka m'manda a eni?"

Kumbuyo kwanga ndinamva mpando wa Wezi ukukwekwereka.

"Ine sindinapemphe malo," anapitiriza. "Kumene ndili, ndili. Koma eni manda aja amva kuti kukubwera munthu. Asesa kale. Ayala kale mphasa."

"M'dzina la Ambuye, ndinu yani?" ndinafunsa.

"Ine kumeneko sindipita, si kwathu. Apite wa pakhomo pawo."

Mphepo inakankha chitseko, chinandimenya paphewa. Nditachigwira n'kuyang'ananso, panalibe munthu. Ndinayatsa tochi ya pa foni. Pa dothi panali chithaphwi. Kuchokera pamenepo mapazi onyowa ankaoneka bwinobwino, koma sanalowere kunyanja. Analowera kumtunda, njira yopita kumanda.

"Bwezani," ndinauza Wezi. "Bwezani msanga zimene mwachita."

Anatsegula tebulo la amoyo, ndipo anafuula pang'ono. Yakobe Mphande anali momwemo, pamalo pake, ngakhale kuti iye anali asanakhudze kanthu. Anadinanso lamulo lake lija lowerenga matebulo onse. Amoyo anakwanira. Omwalira anaposa ndi mmodzi.

Anatsegula tebulo la omwalira n'kutsikira pansi penipeni. Mzere unalipo. Manda anali omwe aja a kwa apongozi ake. Tsiku linali la mawa lake. Pa dzina panali poyera.

"Fufutani," ndinatero.

Anayesa. Makina anakana.

"Akuti sungachoke," ananong'ona. "Akuti pali mzere wina umene wagwirana nawo."

"Mzere uti?"

"Ndikufufuza, ada, ndikufufuza."

Galasi linachita mdima. Batire inali itatha.

Wezi anaimbira mwamuna wake. Foni sinalowe. Zimenezo pazokha si zachilendo, pakuti pakati pa Usisya ndi kuno netiweki imasowa. Anaimbanso. Anaimbanso. Kenaka anatuluka osatenga ngakhale chikwama, ine ndikumutsatira ndi ndodo yanga mpaka pa doko.

Tinapeza anthu ena akudikira boti lomwelo, atafunda zitenje chifukwa cha mphepo. Mafunde ankamenya khoma. Wonyamula katundu wina anatiuza kuti boti linanyamuka ku Usisya masana, ndipo likanayenera kukhala litafika kale.

"Mwera uwu, mwina akhota penapake kuti agone," anatero. "Musadandaule, ama. Paston ndi woyendetsa wakale, nyanja amaidziwa ngati mkazi wake."

"Mkazi wakeyo si uja anamuthawa?" anayankha mayi wina, ndipo anthu anaseka. Wezi sanaseke. Ndinapemphera naye pomwepo, ndipo amayi awiri a chigwirizano anamuperekeza kunyumba. Ine ndinabwerera kwathu. Ndinagwada, koma mawu a pemphero ankandithawa.

Kutangoyamba kuyera, wina anagogoda pa windo langa. Anali Masuzgo, mkulu wa adzukulu, amene amatsogolera okumba manda kudera kwathu.

"Ada, valani. Musafunse, ingobwerani."

Tinakwera njira ya kumtunda. Pofika pa manda a banja la Greyson tinapeza anthu ochepa ataima chapatali, manja ali pakamwa. Pafupi ndi manda a agogo aja panali dzenje latsopano, lakuya, lokumbidwa mwaluso, makona ake owongoka. Pamphepete pake panakhala Greyson, miyendo ili lendelende m'dzenjemo. Zovala zake zinali zonyowa chonyowereratu. M'manja mwake munali matuza ophulika, ndipo dothi lofiira linali litalowa m'zikhadabo. Khasu kapena fosholo panalibe.

"Adzukulu anga palibe amene wakumba," anatero Masuzgo. "Ndipo dothi la pano ndi la miyala. Amuna asanu amatha nalo tsiku."

Ndinayandikira. "Greyson, mwana wanga."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anali wamoyo, ndipo anandizindikira.

"Ada, mwabwera? Kuli maliro a yani?"

"Mwafika bwanji kuno?"

Anayang'ana manja ake nthawi yaitali. "Injini inazima. Tinangoyandama mu mdima. Kenaka munthu wina anayandikira ndi bwato, anagwira m'mphepete mwa boti, pafupi ndi ine. Anati kwanu kuli ntchito, anthu akukudikirani. Ndiye ndinati ndikathandize." Anaima. "Zina sindikukumbuka."

Tinamudzutsa. Pamene tinkamuchotsa, thupi lake linkalemera kulowera kudzenje, monga mmene ukonde wodzaza umakokera pansi. Zinatengera amuna atatu.

Wezi atafika n'kumuona sanalire. Anamugwira dzanja, osalisiya, mpaka kuchipatala. Adokotala sanapeze chovuta china koma kuzizidwa ndi mabala a m'manja.

Boti linafika dzuwa litakwera, likukokedwa ndi linzake. Linalowa pa doko ndi maliro. Amayi a m'botimo ankalira mokweza, ndipo Paston anatsika atavula chipewa, akufunsa kumene angapeze abale a bambo wa zaumoyo uja. Anati Greyson anakhala kumbuyo, atafungatira bokosi la katemera, ndipo onse anamumva akutsokomola mu mdima. Kutacha, bokosi linalipo, mwini wake palibe. Pamene injini inazimira panali kutali ndi gombe, malo oti ngakhale msodzi sangasambire pa mwera. Atauzidwa kuti munthuyo ali moyo, wagona kuchipatala, Paston anakhala pansi pa mchenga.

Magetsi atayaka, Wezi anatsegula laputopu pamaso pa abusa ndi pamaso panga. Mzere wopanda dzina uja unalipobe. Anafufuza chimene chinagwirana nawo, ndipo anachipeza m'tebulo la maukwati. Unali mzere wa ukwati wake ndi Greyson. Anatseka makinawo, ndipo sanawakhudzenso. Anabwera katswiri wina wochokera ku Mzuzu, anachotsa mzerewo mosavuta, anatiseka pang'ono, n'kuwerengetsa matebulo onse kuti tione. Omwalira anaposabe ndi mmodzi. Anawerengetsanso. Kenaka anati ali ndi minibasi yoti akwere.

Dzenje linatsala. Kuno dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu. Akuluakulu anagwirizana kuti aikemo thunthu la nthochi m'dzina la Yakobe, monga amachitira ndi munthu amene thupi lake lasowa, kuti nkhani ithe. Ine ndi Masuzgo tinatumidwa ku Chikale kukapempha mkazi wake. Tinamupeza akuyanika chinangwa cha kondowole pa thandala. Anatimvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka ntchito.

"Yewo, ada, mwayenda," anatero. "Koma amuna anga sanamwalire. Ndipo akanamwalira, sakanagona kwa eni. Nthochi yanuyo muikeni m'dzina la wina."

Palibe banja limene linalola kuti dzina lawo litchulidwe pa thunthulo. Choncho adzukulu anaphimba dzenje ndi malata akale, n'kutsamiritsa miyala.

Greyson anachira, ndipo anabwerera ku ntchito, koma ya kumtunda yokha. Wezi anapempha kuti boma liwasamutsire kutali ndi nyanja, ndipo akudikirabe yankho. Amakhoma chitseko ndi loko, kiyi n'kumumangirira m'chiuno pogona, kuti Greyson asatuluke usiku. Ngakhale zili choncho, anthu opita kumunda mamawa akuti nthawi zina amapeza malata aja atasunthidwa, miyala itaikidwa pambali mwadongosolo.

Ine ndimawapempherera onse awiri tsiku ndi tsiku, ndipo ndimakhulupirira kuti masiku a munthu ali m'manja mwa Mlengi yekha. Koma pali chinthu chimene Masuzgo anandinong'oneza pochokera ku Chikale, chimene tsopano chikunong'onedwa pa msika ponse. Iye wakumba manda moyo wake wonse, ndipo diso lake silisowa chingwe choyezera.

"Ada," anatero, "Yakobe ndinkamudziwa. Anali munthu wamfupi. Dzenje lija ndi la munthu wamtali."