Mapiri a Pakhonde la Mwini

Iness anakumana ndi Frackson pasiteji ya minibasi pa Kande. Anzake a Frackson ankagulitsa kwa azungu zithunzi zowala za njovu, koma iye ankajambula mapiri akutali ndi utoto wosungunula m'madzi, otuwa ngati chitenje chotopa ndi sopo. Kamnyamata kake kanali kowonda, malaya othimbirira. Chuma chake chonse chinali pakamwa.

Anamupatsa chithunzi chimodzi ulele. "Mapiri awa kulibe kwina kulikonse, duwa langa. Ndimawalota ndikaganiza za iwe. Ndidzakumangira nyumba yoyang'ana mapiri otere."

Jessie, mkulu wake wa Iness, atachiona anangoti kapepalako kanyowa ndi mvula. Iness anapsa mtima, amvekere anthu osadziwa luso amangofuna zofiira. Anachipachika kumutu kwa bedi, ndipo akaweruka kuloji komwe ankachapa zovala, ankangoti maso dwii pa mapiri atatu aja, lapakati lopendekeka, ndi papaya wamphanda pakona. Chikondi chimapusitsa bwanji! Anakana ngakhale mphunzitsi wa ku Chintheche yemwe anali atatumiza kale amalume ake kudzafunsira mbeta.

Kwaya ya kutchalitchi itapita ku Usisya paboti, Iness anafikira kwa mayi wina dzina lake Enelesi. M'mawa Iness anatuluka pakhonde. Kutsidya kwa nyanja kunali mapiri atatu otuwa ndi nkhungu, lapakati lopendekeka. Papaya wamphanda naye anali pakona pomwepo.

Enelesi ankayanika chinangwa pathandala. Iness anafunsa ngati pamudzipo pali munthu wojambula.

"Bambo a Happy, amuna anga," anatero Enelesi. "Akabwera kuchokera ku Kande amangokhala pomwe mwaimapo, chinangwa chikuwola m'munda. Akuti mapiriwo amawalota akaganiza za ine." Anaseka monyoza. "Timapepala tawo ndimakolezera moto."

Misozi inafika m'maso, koma Iness anaibweza. Alirire ndani? Munthu wolephera ngakhale kupeka bodza latsopano? Zinamuwawa ndithu, koma kunyansidwa ndiko kunakula.

Foni inalira m'chitenje. Unali uthenga wa Frackson: "Duwa langa, wawayang'ana mapiri athu lero?"

Iness anakhala pansi, pamalo penipeni pomwe mwini ankakhala, n'kuyankha mosafulumira.

"Ndikuwayang'ana pompano. Amake Happy akuti ubwere udzakumbe chinangwa."