Chipewa cha Fiskani

Mtende ndi mtsikana wa sitandade thuu. Ali ndi mchimwene wake wakhanda. Dzina lake ndi Fiskani. Mtende akufuna chinthu chimodzi. Akufuna Fiskani asiye kulira.

Kale ankakhala ku Chelinda, pamwamba pa Nyika. Kumeneko kumazizira. M'mawa udzu umayera mbuu ndi chisanu. Makanda onse amavala zipewa.

Tsopano anasamukira ku Boma. Adada akugwira ntchito pa geti ya Thazima, yolowera ku paki ya Nyika. Ku Boma, Okutobala si masewera. Dzuwa likuswa mtengo. Koma pa mdadada wa nyumba zawo palibe mtengo woti liswe. Mitengo yonse anthu anadula. Anawotchera njerwa.

Nyumba yawo ndi yaing'ono. Denga ndi la malata. Siling'i mulibe. Windo ndi limodzi lokha. Masana malata amathetheka. The! The! The!

Lero Amama apita kumpopi. Mpopi uli kutali. Azakhali a Diana atsala ndi mwana.

"Ng'aa! Ng'aa!" Fiskani akulira.

Mtende anakhala pansi. Pansi panali potentha. Anaima pakhomo. Pakhomo panali potentha. Anakwera pampando. Mutu unayandikira malata. Anatsika msanga.

Kenaka anamuyang'ana Fiskani. Fiskani wavala chipewa chaubweya. Wavala juzi. Wavala masokosi. Pamwamba pake pali bulangete.

"Azakhali, mwana akutenthedwa," anatero Mtende.

"Mwana satenthedwa," anayankha Azakhali. "Mwana amazizidwa."

"Koma inuyo mwavula nsapato!"

"Ine ndine wamkulu."

"Mukudzikupiza ndi chivundikiro cha poto!"

"Iwe, pakamwa!"

Mtende anatsegula windo. Azakhali anatseka.

"Mphepo imabweretsa chibayo," anatero.

"Mphepo yake iti?" anafunsa Mtende. "Kuno kulibe mphepo!"

Mtende anagwira chipewa chija. Anayamba kukoka.

"Siya!" anatero Azakhali. "Liwombo la mwana salisiya pamtunda. Iwenso ndinakulera choncho. Sunakule?"

Mtende anamenya phazi pansi. Fumbi linabuka.

Kenaka kulira kunasintha. Sikunalinso "Ng'aa! Ng'aa!" Kunali "Ee... ee..." Kunali kulira kwapansipansi. Mtende anagwira khosi la Fiskani. Linali lonyowa. Linali lotentha ngati mbatata yootcha.

Mtende anathamanga.

Anathamanga mpaka kumpopi. Mzere unali wautali. Zigubu, zigubu, zigubu. Madzi ankangodontha.

"Amama! Fiskani akulira mwachilendo!"

"Mwachilendo bwanji?"

"Akulira ngati kamphaka."

Amama anayang'ana mpopi. Anali atatsala pang'ono kufika. Anayang'ana Mtende. Chigubu anachisiya pomwepo. Onse awiri anathamanga.

Kunyumba, Amama ananyamula Fiskani. Anamupatsa bere. Fiskani anayamwa pang'ono. Kenaka anasiya. Mutu unagwera pambali.

"Alamu, tichite bwanji?" anafunsa Azakhali.

"Titulukemo muno," anatero Amama.

Anatuluka. Panja panali dzuwa lokhalokha. Kumanja dzuwa. Kumanzere dzuwa. Mthunzi wa nyumba unali waung'ono. Nkhuku zinali zitadzazamo kale.

Mtende anayang'ana tsidya la msewu. Kumeneko kuli nyumba ya mpanda. Mkati mwa mpanda muli mtengo wamango. Ndi mtengo waukulu. Ndi kwawo kwa Walusungu, mnzake wa m'kalasi. Geti yake imakhala yotseka.

Mtende anathamanganso.

Gu! Gu! Gu! Anamenya geti.

"Odi! Odi kuno!"

Walusungu anasuzumira. "Iwe, usamenye! Amama akugona. Afika m'mawa kuchokera kuchipatala."

"Adzutse!"

"Akandikalipira."

"Kwanu kuli mtengo," anatero Mtende. "Kwanu kuli mpopi. Kwathu kuli fumbi. Mthunzi wonsewu pagona galu yekha! Ndi chilungamo chimenecho?"

"Ndani akulalikira pageti panga?"

Anali amayi ake a Walusungu, a NyaGondwe. Iwo ndi anamwino. Anatuluka akutikita m'maso.

Mtende sanathawe.

"Ndine, Amama. Mwana wathu akupsa. Tibwerekeni mthunzi."

A NyaGondwe anayang'ana tsidya. Anaona bulangete m'manja mwa Amama. Tulo tonse tinatha.

"Walusungu, tsegula geti! Tenga mphasa! Tenga beseni!"

Pansi pa mango panali pozizira. Masamba ankagwedera pang'ono. Galu anadzuka n'kusuntha.

"Mugonekeni apa, amake Mtende," anatero a NyaGondwe. "Wanyowetsa thewera lero?"

"Kamodzi kokha, m'mawa."

"Tivule zonsezi."

Bulangete linachoka. Juzi inachoka. Masokosi anachoka. Chinatsala chipewa.

Azakhali anaika dzanja pa chipewacho. "Ichi chokha ayi. Liwombo."

"Munachokera kuti, amama?" anafunsa a NyaGondwe.

"Ku Chelinda."

"Ku Chelinda munkachita bwino chomene. Kuja chipewa ndi mankhwala. Kuno, mwezi uno, chipewa ndi moto. Khanda limatenthedwa msanga kuposa ife. Koma silingathe kudzivula."

Azakhali anayang'ana Fiskani. Anayang'ana Mtende.

"Ndinaluka ndekha," anatero.

"Musunge. Juni akubwera."

Azakhali anamuvula Fiskani chipewa chija okha. Anachipinda bwinobwino.

A NyaGondwe ananyowetsa kansalu. Anapatsa Mtende.

"Mupukute pang'onopang'ono. Khosi. M'khwapa. Miyendo."

Mtende anapukuta khosi. Anapukuta m'khwapa. Anapukuta miyendo.

"Timumwetse madzi?" anafunsa Mtende.

"Ayi, ndi wamng'ono. Madzi ake ndi bere. Madzi amwe Amama ako. Ayamwitse pafupipafupi. Akakananso bere, tithamangira kuchipatala."

Amama anamwa kapu imodzi. Anamwa ina. Kenaka anamupatsa Fiskani bere.

Mtende sanakhale pansi. Anaima ndi mwendo uwu. Anaima ndi mwendo uwo.

Fiskani anatsegula maso. Anagwira bere. Anayamwa. Anayamwa. Anayamwabe!

"Yewo, a NyaGondwe," anatero Amama. "Yewo chomene."

Posakhalitsa Azakhali anakuwa. "Mayo! Wandinyowetsa chitenje!"

"Ndiye nkhani yabwino imeneyo," anatero a NyaGondwe. Onse anaseka.

Koma Mtende sanaseke. Anali kuyang'ana tsidya.

"Amama, pa mdadada pathu pali makanda ena awiri. Palinso agogo a Donald. Iwo sayenda. Onse ali m'malata."

"Iwe mwana, sutopa?" anatero Amama mwamanyazi.

A NyaGondwe anayang'ana mtengo wawo. Anayang'ana mphasa. Malo analipo ambiri.

"Kawaitane," anatero. "Masana geti izikhala yotsegula. Mpaka mvula igwe."

Mtende anathamanganso. Ulendo uno Walusungu anathamanga naye.

Madzulo Adada anafika kuchokera ku Thazima. Kunyumba sanapeze munthu. Anamva kuseka tsidya la msewu. Anawoloka.

Pansi pa mango panali mphasa zitatu. Panali amayi ndi makanda. Agogo a Donald anali kuwodzera pampando. Pakati panagona Fiskani. Anavala thewera lokha. Anali m'tulo, phee.

Adada anawerama. Anayang'anitsitsa.

"Mwana uyu ndi wa yani?" anafunsa.

"Ndi wanu, achimwene!" anatero Azakhali.

"Wanga? Tsitsi lonseli? Ndi makutu omwe ali nawo?"

"Shii, Adada!" anatero Mtende. "Mumudzutsa."

Mtende anagona pambali pa Fiskani. Anati angotseka maso pang'ono. Adada anachita kumubereka popita kunyumba.