Anamunyamula pa Makwerero

Mtengo waukulu wa bulugama unapendekera pa paipi ya madzi m'chigwa cha Molweni, kumtunda kwa Durban, ndipo mwini famu anafuna kuti udulidwe mvula isanabwerenso. Ntchitoyo anaipeza ndi Bennett, Mchewa wobadwira ku Zimbabwe, katswiri wolonjeza mabwana zinthu zoti akhetsere thukuta ndi anthu ena. Anatenga amuna awiri a ku Mangochi okhala ku Mayville, dera la mu Durban momwemo: Rahman wokwera mitengo, ndi Sufiyan wogwira makina odulira.

Galimoto anaisiya pamwamba pa chigwa. Anatsika ola lathunthu m'tchire loterera, Sufiyan atasenza makina, Rahman makwerero ndi chingwe, Bennett foni yake basi. Apusi ankawakuwiza m'mitengo. Mtsinje anauwoloka madzi akulekeza m'maondo.

Atafika, Rahman anayamba kumasula chingwe kuti adzimangirire ku thunthu.

"Zingwe zitidyera nthawi," anatero Bennett. "Taonani mitamboyo. Kwanu si mumakwera migwalangwa chimanjamanja? Nthambi ziwiri zokha, sharp, kenako tiugwetse."

"Mgwalangwa susenda khungwa," anayankha Sufiyan. "Uwu ndi bulugama, ndipo wanyowa."

Koma Rahman anali munthu wosatha kukana, khalidwe limene mabwana amalikonda kwambiri. Anasiya chingwe pansi n'kukwera. Nthambi yoyamba inagwa bwino. Akufikira yachiwiri, khungwa linasendeka pansi pa phazi lake, ndipo anatsika mtunda wa nyumba yosanja, n'kugwa chagada pa mizu.

"Msana," anatero movutika. "Miyendo ndikuimvera patali."

Foni sinkagwira m'chigwamo, ndipo mvula inayamba. Bennett anamugwira Rahman m'khwapa.

"Gwirani miyendo, timupinde tithamange, mtsinje usanadzaze."

Sufiyan anamukankha mpaka anakhala pansi m'matope. Mkulu wake wa Sufiyan anagwapo mu mtengo wa mango kumudzi, anthu achifundo n'kumukhazika pa njinga ngati thumba la chimanga, ndipo pano wakwanitsa zaka khumi ali pa mphasa.

"Mukamukhudzanso choncho, ndikuthyolani dzanja," anatero. "Bweretsani makwerero."

Anayala maovololo pa makwerero. Sufiyan anagwira mutu kuti khosi lisapotoke, ndipo anamutembenuza thupi lonse pamodzi ngati chipika, n'kumugoneka pamenepo. Anapinda malaya n'kuwaika uku ndi uku kwa khosi, n'kumumanga pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo. Chingwe chimene chinalibe nthawi m'mawa chinaipeza masana.

Mtsinje anaupeza utafika pachifuwa, madzi ofiira, zinyatsi zikuyandama. Bennett anati amusiye kaye pa gombe akaitane anthu.

"Senzani pamutu," anatero Sufiyan. "Mukhale kutsogolo, ndizikuonani."

Anawoloka phazi ndi phazi, madzi akuwakoka. Pa chitunda Bennett anaterereka kawiri, ndipo kawiri konse Sufiyan anatsitsa mbali yake kuti makwerero asapendeke, maondo akusupuka pa miyala. Mkwiyo ndi umene unkamupatsa mphamvu, chifukwa za m'mimba zinali zitatha kalekale. Njira ya ola limodzi inawatengera maola atatu.

Kuchipatala, atamujambula, dokotala wachizimayi anatuluka. Anati fupa la msana lang'aluka koma mtsempha waukulu sunaduke, ndipo zala za kuphazi zikugwedezeka. Akanamupinda, sakanayendanso.

"Anaganiza zomumanga chonchi ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndine," anatero Bennett, akukonza kolala. "Anyamata angawa ndimawaphunzitsa za safety."

Zaka zisanu ndi ziwiri Sufiyan wakhala ku Durban akumeza Chichewa chake pagulu, mu taxi akuyankha "yebo" wa Chizulu yekha kuti asadziwike kumene achokera. Tsiku limeneli anaimirira pakati pa mabenchi odzaza anthu, matope akuyenderera, n'kuchitulutsa chonse mokweza.

"Bodza. Chingwe munamuletsa ndinu. Munafuna kumupinda ndinu. Mwatsala pang'ono kupundula bambo wa ana atatu chifukwa cha mphindi khumi, ndiye muime apa muzinama?"

Mitu yonse inatembenuka. Bennett ananong'ona kuti, "Eish, tsitsani mawu, akutimva."

"Amve," anatero Sufiyan. "Tiyeni ku Mayville. Farhana, mkazi wa Rahman, akudikira mwamuna wake, ndipo zimene zachitikazi mukamuuza ndinu, ine nditaima pambali panu."