Mafuta m'manja mwa Elisha

Kwa a Howard ku Dowa boma kunali pakhomo poti mlendo akafika amaiwala kutsanzika. Ankapemphera m'mawa, ankaseka madzulo, ndipo mwana wawo Elisha anakula osadziwa njala kapena mbama. A Howard anali ndi kashopu kotayipa makalata pafupi ndi msika: mataipilaita awiri, jenereta, ndi kompyuta yakale imene anagula ku Lilongwe mu 1996, atanenerera mtengo mpaka wogulitsayo anapempha madzi akumwa.

Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, shopuyo inkatsekedwa masiku atatu. Ankatsegula makina onse, kupukuta fumbi, kuthira mafuta, kukweza makatoni a mapepala pamwamba kuti chiswe chisawapeze, kukopera zonse za m'kompyuta pamadisiketi, ndi kukumba kuseri kuti aone ngati waya woteteza ku mphenzi sanachite dzimbiri.

Chaka china maso a a Howard anachita ng'ala. Anapereka makiyi kwa Elisha.

"Mwana wanga, makinawa akadwala sanena. Uwayendere limodzilimodzi. Ndipo usamale buku la a Yoswa."

A Yoswa anali mphunzitsi wopuma wa kumapiri a Ntchisi. Kwa zaka makumi awiri anakhala akulemba m'makope mbiri ya mpingo wa kwawo, kuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa okalamba. Elisha anali atamaliza kuitayipa m'kompyuta, makopewo ali m'katoni pansi pakona, kudikira mwini wake.

Tsiku loyamba lotseka shopu, Dave woonetsa vidiyo kumsika anasuzumira pakhomo.

"Aise, wayamba kusambitsa zitsulo? Kwabwera filimu ya nkhonya, masese nawo akuwira."

"Abambo andiuza kuti..."

"Akukuona abambo akowo? Ino ndi demokalase, iwe. Zokakamizana zinapita ndi makadi a chipani."

Elisha anaseka, nakhoma chitseko. Koma ankadziwa kuti bambo ake, poti saona, ayesa ntchitoyo ndi mphuno. Choncho asanalowe m'nyumba ankayamba wapaka mafuta a makina m'manja. A Howard ankagwira manjawo, kuwanunkhiza, nkhope n'kuwala.

"Susana, mwanayu wakula. Muonjezereni ndiwo."

Koma a Susana, mayi ake a Elisha, maso awo anali abwinobwino. Anamuitanira kuseri kwa nyumba.

"Elisha, m'manja muli mafuta koma malaya alibe ndi fumbi lomwe. Bambo ako ungawanamize. Nanga mvula uinamiza bwanji?"

"Ndichita mawa, amayi."

Mawa la Elisha linali lalitali ndithu: linakafika mpaka Novembala.

Mvula inagwa Lachinayi masana, Elisha ali kwa Dave, kompyuta ataisiya yoyaka. Mphenzi inang'anima kamodzi kokha. Atathamangira kushopu analandiridwa ndi fungo la chinthu chopserera: kompyuta inali itapsa. Waya woteteza uja anali ataduka kalekale ndi dzimbiri, pansi pa dothi limene iye sanakumbe. Madisiketi anali m'bokosi mwake, atsopanotsopano, opanda kanthu.

"Makope alipo," anadzilimbitsa mtima.

Ananyamula katoni ija. M'manja munabwera mbali zokhazokha, pansi panatsala mulu wa dothi. Chiswe chinali chitawerenga buku la a Yoswa mpaka tsamba lomaliza.

Dave anabwera, nayang'ana, naimba likhweru. "Pepa, aise. Komatu ine usanditchule."

Kunyumba Elisha anagwada naulula zonse, ndi za mafuta zomwe. A Howard anafufuza mutu wa mwana wawo ndi dzanja, naliika pamenepo.

"Kompyuta tidzagula ina, ngakhale ndinenerere chaka chathunthu. Koma kwa a Yoswa upita wekha, ukanene ndi pakamwa pako."

Elisha anapalasa njinga m'matope, pazitunda akuikankha. A Yoswa anamvetsera mpaka kumapeto. Elisha ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo zikanamupepukira.

"Khala pampandopo, mwana wa a Howard," anatero mkuluyo. "Wabwera ndi cholembera?"

Kuyambira tsikulo, Loweruka lililonse Elisha ankakwera mapiri aja, a Yoswa akunena, iye akulemba. Zambiri zinabwerera. Koma atafika pa amayi khumi ndi awiri amene anayamba kubatizidwa pampingopo, mkuluyo anatchula asanu ndi awiri, naima. Anatseka maso, milomo ikuyenda, koma sipanatuluke dzina.

"Amene anandiuza anamwalira onse," anatero motsitsa mawu. "Siya mizere isanu yopanda kanthu. Mwina ndikumbukira Loweruka likudzali."

Loweruka limenelo Elisha anapeza anthu atasonkhana pakhomo pa a Yoswa, nyimbo za maliro awo zikumveka. Bukulo linasindikizidwa chaka chotsatira, mizere isanu ija ili mbee.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwapatsidwa makiyi a makolo anu, imvani: ulesi suyenda wokha, umaitana bodza kuti liubise, ndipo amene amalira nazo kawirikawiri ndi munthu wosalakwa. Ntchito ya Okutobala igwireni mu Okutobala. Elisha analapa, ndipo Mulungu ndi anthu anamukhululukira. Koma amayi asanu aja, mpaka lero palibe amene akudziwa mayina awo.